Almroth Wright—Munthu Amene Anafufuza Mmene Mwazi Umamenyera Nkhondo

CHAKUMAPETO kwa 1911, dokotala wina wotchuka wa ku London anafika ku Johannesburg ataitanidwa ndi eni migodi ya golidi. Iwo anali ndi vuto lalikulu. Anyamata amphamvu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, monga Nyasaland ndi kumpoto kwa Mozambique, anali kufa ndi chibayo patangopita milungu kapena miyezi yoŵerengeka atayamba ntchito. Ambiri amene anasiya makolo ndi akazi awo kumudzi ndi lonjezo lakuti adzabwera ndi ndalama ya msonkho ndi nsalu sanabwererenso.

Dokotalayo anali Sir Almroth Wright. Iye anali wotsimikiza kuti anali ndi yankho, pakuti zaka zisanu ndi zitatu zimenezi zisanachitike anali atatulukira chinthu chofunika ponena za maselo oyera a mwazi, amene amadya tizilombo toyambitsa matenda. Anapeza kuti maselo ameneŵa samangodya chilichonse chimene akumana nacho. Kaŵirikaŵiri amayembekezera kupatsidwa chizindikiro. Kodi chizindikirocho nchiyani? Kodi selo, limene lilibe maso, manja, kapena kamwa, limachilandira motani ndi kuchitapo kanthu? Wright anayankha funso loyamba. Lachiŵiri linayankhidwa ndi ena, iye atamwalira kalekale. Mbiri ya moyo wake imasonyeza zimene munthu waluntha angachite, ndiponso zimene zimachitika pamene munthu woteroyo adzidalira mopambanitsa.

Mnyamata wa Zinenero Zambiri

Almroth Edward Wright anabadwa pa August 10, 1861, m'mudzi wa Middleton Tyas ku Yorkshire, England. Atate wake, Charles Wright, anali mtsogoleri wachipembedzo wa ku Ireland ndiponso katswiri wa Chihebri. Amayi wake, Ebba Almroth, anali a ku Sweden, ndipo anali atasamalirapo odwala panthaŵi ya Nkhondo ya ku Crimea. Popeza kuti ntchito ya atate wake inafuna kusamukasamuka, mnyamatayo anakulira ku Dresden m'Germany, ku Boulogne m'France, ndi ku Belfast m'Ireland. Chotero anadziŵa zinenero zingapo akali wamng'ono, ndipo kwa moyo wake wonse anali wokonda kuloŵeza ndakatulo pamtima ndi kupeka mawu atsopano kuchokera ku Chigiriki ndi Chilatini.

Pa Trinity College ku Dublin, iye anaphunzira mabuku a zinenero ndi zamankhwala panthaŵi imodzimodzi, namaliza maphunziro oyambawo mu 1882 ndi enawo mu 1883. Komabe, sanafulumire kukhala dokotala wochiritsa odwala. Anapita ku Germany kukaphunzira kufufuza kwa m'labotale, anaphunzirako zamalamulo, anagwirapo ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya boma ku London, ndipo kenako anakaphunzitsa pa yunivesite ya Sydney ku Australia. Anakwatira Jane Georgina Wilson mu 1889.

Mu 1892, ali ndi zaka 31 zokha, Wright anaikidwa kukhala profesa pa sukulu ya madokotala a gulu lankhondo la Britain ku Netley, pafupi ndi Southampton. Kumeneko anayamba ntchito imene inampangitsa kudziŵika. Choyamba anafufuza mmene mwazi umaundanira ndi mbali imene kashiamu amachita. Anali ndi luso la manja lapadera. Anali kusungunula galasi pamoto ndi kulikoka kukhala timachubu topyapyala kwambiri, timene anali kupimira nato mwazi wotengedwa pa dontho limodzi la kuchala. Luso limeneli linadzakhala lofunika kwambiri pambuyo pake.

Tayifodi ndi Nkhondo ku Natal

M'masiku amenewo, mdani wamkulu wa msilikali sanali chipolopolo koma madzi oipa. Tayifodi, nthenda imene imafalikira mwa madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi zonyansa za munthu, inali kupha asilikali ambiri m'misasa. Mu 1896, Wright anayamba kubaya anthu katemera wopangidwa ndi tizilombo ta tayifodi tophedwa ndi kutentha. M'chaka chimodzimodzicho, Richard Pfeiffer ndi Wilhelm Kolle anali kuchita zofananazo ku Germany. Wright sanali wamantha. Panthaŵi ina anadziyesera yekha katemera wa nthenda ina yotchedwa malungo a ku Malta, nadzibaya tizilombo tamoyo pambuyo pake. Katemerayo sanagwire ntchito, ndipo iye anadwala kwa nthaŵi yaitali.

Pamene Nkhondo ya Mabunu inaulika mu 1899, Wright anafuna kuti msilikali aliyense wopita ku South Africa alandire katemera wa tayifodi. Akuluakulu a gulu lankhondo anakana, nalola okhawo odzifunira. Popeza kuti katemerayo anali kutupitsa pamalo obayidwa ndi kudwalitsa munthu malungo kwa tsiku limodzi kapena aŵiri, amene anavomera anali pafupifupi 14,000 okha. Podzafika kumapeto kwa nkhondoyo mu 1902, asilikali a Britain oposa 57,000 anali atadwala tayifodi, ndipo oposa 8,000 anafa nayo.

Umboni wamphamvu koposa wa Wright unachokera ku Natal. Tauni ya Ladysmith, imene ili kumtunda kumpoto chakumadzulo kwa doko la Durban, inazingidwa ndi Mabunu kwa masiku 118, kuyambira mu November 1899 kufikira mu February 1900. Anthu anali kumwa madzi amatope a mtsinje wa Klip. Mwa asilikali 1,705 olandira katemera, 35 anadwala tayifodi, ndiko kuti pafupifupi mmodzi mwa 50 alionse. Koma mwa 10,529 osalandira katemera, 1,489 anadwala, pafupifupi mmodzi mwa 7 alionse.

Kodi zimenezi sizinathetse nkhaniyo? Ayi. Zolembedwa za m'malo ena zinali zosokonezeka, ndipo odzifunirawo mwina anali anthu osamala kwambiri zaukhondo kuposa anzawo. Mu 1904, katswiri wa ziŵerengero Karl Pearson anapenda zolembedwazo nanena kuti panafunikira kuyesa kwina kolinganizidwa bwino. Wright anakwiya. Iye anakhulupirira kuti diso la dokotala wozoloŵera linali lodalirika kuposa masamu. Ponena za katemera wa tayifodi, nthaŵi inadzasonyeza kuti iye analondola, makamaka pamene William Leishman anawongolera kapangidwe ka katemerayo. Koma kunyoza kwake ziŵerengero kunadzamgwetsa m'tsogolo.

Ndiwo za Maselo Oyera

Atakangana ndi akuluakulu a gulu lankhondo, Wright anasiya ntchito ku Netley mu 1902 napita ku chipatala cha St Mary's ku London. Panthaŵiyo asayansi anali ogaŵanika pa funso lakuti: Kodi nchiyani chimene chimatetezera thupi ku matenda?

Gulu lina linatsatira Élie Metchnikoff wa ku Russia. Mu 1882, ali ku Messina m'Italy, iye analasa timinga m'thupi loonekera mkati la mwana wa kanyama ka m'nyanja kotchedwa starfish. M'maŵa mwake anapeza kuti maselo oyendayenda anali atazinga timingato. Chotero anaphunzitsa kuti chitetezo cha thupi ndicho ntchito ya maselo odya tizilombo. Gulu linalo, makamaka asayansi a ku Germany onga Emil Behring ndi Paul Ehrlich, linaumirira kuti mphamvuyo ili m'madzi a m'mwazi, mmene muli zinthu zimene lerolino timati maantibodi.

Mu 1903, Wright ndi mnzake Stewart Douglas anachita kuyesa kosavuta koma kwanzeru. Anatenga maselo oyera a mwazi naŵatsuka bwinobwino kuchotsa madzi onse a m'mwazi. Ndiyeno anaŵasakaniza ndi tizilombo timene timayambitsa zithupsa, m'timachubu tawo tagalasi, naŵasunga pa kutentha kwa thupi la munthu kwa mphindi 15. Pambuyo pake anaŵerenga pa maikulosikopu tizilombo timene selo lililonse linameza. Popanda madzi a m'mwazi, maselowo anameza toŵerengeka kwambiri. Madziwo atabwezeredwa, maselowo anadya mwadyera. Madziwo atayamba atenthetsedwa kufika madigiri 60, mphamvu yake yambiri inatha. Ndipo chofunika koposa, aŵiriwo anasonyeza kuti madziwo anali kusintha tizilomboto, osati maselowo. Chinachake cha m'mwazi chinali kumamatira pa kachilombo ndi kukapangitsa kukhala kodyeka.

Wright anatcha chinthucho opsonin. Dzinali likuchokera ku liwu lakale lotanthauza kukonza chakudya, limene muzu wake ndi liwu lachigiriki lakuti opson. Kwa Agiriki akale, opson inali chakudya chodyera mkate, kaŵirikaŵiri nsomba. Kunena mwachidule, inali ndiwo. Monga momwe nsima yopanda ndiwo imakanira kutsika kummero, kachilombo kopanda opsonin sikamezeka bwino ndi selo loyera. Motero Wright anasonyeza kuti magulu aŵiri otsutsanawo onse anali ndi mbali ya choonadi. Madzi a m'mwazi amaika chizindikiro, ndipo selo limadya. Ofufuza ena, monga Joseph Denys ku Belgium mu 1895, anali ataonapo zofanana ndi zimenezi, koma Wright ndiye anazipima, kuzitcha dzina, ndi kuzidziŵikitsa padziko lonse.

Kutchuka kunadza mofulumira. Mu 1906 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir, ndipo m'chaka chomwecho dokotala wachinyamata wotchedwa Alexander Fleming anayamba kugwira ntchito m'labotale yake. Wolemba maseŵero George Bernard Shaw, bwenzi lake, anamgwiritsira ntchito monga chitsanzo cha dokotala wa m'seŵero lake lakuti The Doctor's Dilemma. Komabe, Wright anapitirira pamene umboni unalekezera. Anayamba kuchiritsa odwala chifuŵa chachikulu, zithupsa, ndi nthenda zina zambiri mwa kuŵabaya tizilombo takufa, akumapima opsonin wa m'mwazi mwawo kuti adziŵe nthaŵi yobaya. Antchito ake anali kuŵerenga tizilombo pa maikulosikopu kufikira pakati pa usiku. Koma kupimako kunali kupereka mayankho osiyanasiyana, ndipo m'kupita kwa nthaŵi njira yochiritsira imeneyi inasiyidwa.

Ku Migodi ya Golidi

Ndi chidaliro chimenechi Wright anafika ku Johannesburg mu 1911, limodzi ndi omthandiza atatu, Leonard Colebrook, Parry Morgan, ndi R. W. Dodgson. Bungwe lolemba antchito a m'migodi la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ambiri amalikumbukira ndi dzina lakuti Wenela, linali litayamba kutenga amuna ku Nyasaland mu 1903. Amuna ameneŵa anali kufika atatopa ndi ulendo wautali, atavala zovala zopepuka, kudziko lokwera ndi lozizira. Anali kugwira ntchito m'malo otentha ndi afumbi pansi pa nthaka, kutulukira kumphepo yozizira, ndi kukagona mothithikana m'zipinda za m'komboni. M'mikhalidwe yotero, kachilombo ka chibayo kanali kudumpha mosavuta kuchoka kwa munthu wina kumka kwa wina, ndipo obwera chatsopano ndiwo anali kugwa choyamba.

Wright anapanga katemera wa tizilombo ta chibayo takufa, monga momwe anachitira ndi tayifodi. Amuna pafupifupi 50,000 anaphatikizidwa m'kuyesako, kumene kunali kuyesa kwakukulu koyamba kwa katemera wa chibayo padziko lonse. Anayesanso mankhwala atsopano a ku Germany otchedwa optochin, koma anapeza kuti anali kuwononga maso a odwala ena. Iye mwini anabwerera ku London ntchitoyo isanathe, ndipo zotulukapo zake zinafalitsidwa m'magazini a zamankhwala a The Lancet mu 1914. Wright anaona chipambano m'zotulukapozo. Koma openda ziŵerengero anapeza kuti chitetezo chimene chinaoneka chinali chochepa ndi cha miyezi yoŵerengeka chabe.

Kodi chinalakwika nchiyani? Kachilombo ka chibayo kamavala chikuto choterera cha mtundu wa shuga, ndipo chikuto chimenecho chili cha mitundu yambiri. Lerolino mitundu yoposa 90 ikudziŵika. Maantibodi amene amamatira pa mtundu umodzi samamatira pa wina. Wright sanasamale za kusiyana kumeneku, ngakhale kuti Fred Neufeld wa ku Germany anali atakusonyeza mu 1910. Kunena kwina, iye anakonza ndiwo za mtundu umodzi kapena ingapo, pamene m'makomboni munali mitundu yambiri. Dokotala wina wa ku migodiko, Spencer Lister, ndiye anayamba kusiyanitsa mitunduyo mu 1913 ndi kupanga katemera wogwirizana nayo.

Panalinso chinthu china chimene jekeseni sakanachithetsa. William Gorgas, dokotala wa ku America amene anachepetsa chibayo pakati pa okumba ngalande ya Panama, anaitanidwa ku migodiko mu 1913. Uphungu wake waukulu unali wakuti antchito asamagonekedwe mothithikana. M'chaka chimenecho boma la South Africa linaletsa kulemba antchito ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa cha kuchuluka kwa imfa, ndipo chiletsocho chinakhalapo kufikira m'ma 1930. Komabe amuna ambiri anapitirizabe kupita ku Joni mwa njira zawozawo, pakuti umphaŵi ndi msonkho zinali kuŵathamangitsa kumudzi.

Nkhondo Yadziko I ndi Zaka Zomalizira

Pamene Nkhondo Yadziko I inayamba mu 1914, Wright analimbikitsanso katemera wa tayifodi, ndipo labotale yake inapanga katemera wokwanira anthu mamiliyoni. Panthaŵi ino asilikali ochuluka a Britain anamlandira, ndipo imfa za tayifodi zinali zochepa kwambiri poyerekezera ndi za ku South Africa, ngakhale kuti gulu lankhondo linali lalikulu kuŵirikiza nthaŵi zambiri. Madzi abwinopo ndi ukhondo zinathandizanso.

Wright ndi Fleming anakhazikitsa labotale ku Boulogne, pafupi ndi zipatala za ovulala. Kumeneko anaona kuti mankhwala amphamvu ophera tizilombo amene madokotala anali kuthira m'mabala akuya sanali kufika m'ming'alu mmene tizilombo tinabisala, koma anali kupha maselo oyera amene anadza kudzamenya nkhondo. Wright analangiza kuchotsa minofu yakufa ndi kutsuka balalo ndi madzi amchere. Madokotala otchuka a opaleshoni anamtsutsa mwaukali, ndipo iye anayankha mwaukali wofananawo. Pankhani imeneyi, mbali yaikulu ya zimene ananena inadzavomerezedwa.

Komabe, munthu yemweyu anali ndi malingaliro ena amene sanazikidwe pa umboni uliwonse. Mu 1913 anafalitsa buku lotsutsa kuti akazi apatsidwe ufulu wa kuvota, akumanena kuti nzeru zawo nzochepa. Ukwati wake womwe sunali wachimwemwe, ndipo iye ndi mkazi wake anadzapatukana. Madokotala anzake ena anali kuseŵera ndi dzina lake, akumalisintha kuti limveke monga mawu achingelezi otanthauza munthu amene amangotsala pang'ono kulondola.

Fleming anatulukira penisilini m'dipatimenti ya Wright mu 1928, ndipo pamene mankhwalawo anayamba kuchiritsa anthu m'ma 1940, chidwi cha dziko chinachoka pa katemera ndi maselo oyera. Wright anathera zaka zake zomalizira akulima maluŵa ndi kulemba buku la nzeru za kulingalira, limene linafalitsidwa iye atamwalira ndipo linaŵerengedwa ndi oŵerengeka. Anapuma pantchito mu 1946, namwalira kunyumba kwake ku Farnham Common pa April 30, 1947, ali ndi zaka 85.

Zimene Wright Sanathe Kuona

Wright anamwalira asanadziŵe chimene chimachitika mkati mwa selo pamene likhudza kachilombo kopakidwa opsonin. Maikulosikopu ake anali kungosonyeza chiyambi ndi mapeto: kachilombo kali kunja, ndiyeno kali mkati. Kodi selo limatambasula motani thupi lake ndi kukazinga?

Yankho lili m'chimango cha selo. Nyumba ya kumudzi imaima chifukwa cha nsichi ndi phaso. Selo nalonso lili ndi chimango, ngakhale kuti lili laling'ono kwambiri kwakuti maselo oyera pafupifupi 100 ondandalikidwa pamzere angakwane milimita imodzi. Mbali yaikulu ya chimangocho ndiyo puloteni yotchedwa actin, imene Brunó Straub anaitulukira m'minofu ku Szeged m'Hungary mu 1942. Pambuyo pake kunadziŵika kuti actin ilinso m'maselo ena onse a thupi, ndipo m'ma 1970 Thomas Stossel ndi John Hartwig anaifufuza m'maselo odya tizilombo. Tizidutswa ta actin timalumikizana monga mikanda pa ulusi, kupanga timitengo topyapyala. Koma mosiyana ndi nsichi za nyumba, timitengo timeneti sitimakhala malo amodzi. Timakula kunsonga ina pamene kunsonga inayo tikumasuka. Tayerekezerani nyumba imene eni ake akuzula nsichi za kumbuyo ndi kukazizika kutsogolo mosalekeza, kotero kuti nyumba yonseyo ikuyenda. Umo ndi mmene selo loyera limakwaŵira kutuluka mumtsempha wa mwazi kumka pa bala.

Kodi ndani amalamula kumene nsichizo ziyenera kuzikidwa? Pano mpamene opsonin wa Wright amaloŵerapo. Tsopano tikudziŵa kuti opsonin ali wa mitundu iŵiri yaikulu. Wina ndi maantibodi. Winayo ndi gulu la mapuloteni a m'mwazi lotchedwa complement, limene limawonongeka ndi kutentha, ndipo ndilo makamaka limene Wright ndi Douglas anaona mu 1903. Pakhungu la selo loyera pali mapuloteni olandira uthenga, onga alonda a pachipata, amene amazindikira opsonin ameneŵa. Mlonda akagwira opsonin kunja, mbali yake ya mkati imadzutsa mapuloteni ena, amenenso amadzutsa ena, monga mmene uthenga umayendera kuchoka kwa mfumu kudzera mwa nduna kufikira kwa anthu ogwira ntchito.

Pakati pa amithenga ameneŵa pali mapuloteni atatu aang'ono otchedwa Rho, Rac, ndi Cdc42. Iwo amagwira ntchito monga siwichi ya magetsi, yokhoza kuyatsidwa ndi kuzimitsidwa. Mu 1992, Anne Ridley ndi Alan Hall a ku London anasonyeza kuti Rho ndi Rac amalamulira kaumbidwe ka actin. Ndiyeno mu 1998, Emmanuelle Caron ndi Hall anasonyeza kuti mitundu iŵiri ya opsonin imayatsa masiwichi osiyana. Chinthu chopakidwa maantibodi chimayatsa Cdc42 ndi Rac, pamene chopakidwa complement chimadalira makamaka Rho.

Cdc42 akayatsidwa amadzutsa puloteni yotchedwa WASP, ndipo Rac amadzutsa ina yofanana nayo yotchedwa WAVE. Zimenezi zimadzutsa mmisiri weniweni, kagulu ka mapuloteni asanu ndi aŵiri kotchedwa Arp2/3, kamene Laura Machesky ndi Thomas Pollard anakatulukira mu 1994. Kaguluka kamakhala pambali pa kamtengo ka actin ndi kuphukitsa nthambi yatsopano. Nthambi zikwizikwi zikamaphuka pamalo amodzi, zimakankhira khungu la selo kunja. Khungulo limakwera m'mbali mwa kachilombo monga chikho, likumagwira opsonin mmodzi pambuyo pa mnzake, kufikira milomo ya chikhocho itakumana pamwamba. Puloteni yokoka yotchedwa myosin, ya mtundu umodzimodzi ndi imene imakoka minofu ya mkono wanu, imathandiza kufinya ndi kutseka. Pamenepo masiwichiwo amazimitsidwa, actin imamasuka, ndipo kachilomboko kamatsala m'kathumba mmene kamathiridwa zinthu zakupha ndi zogaya. Zonsezi zimatha m'mphindi zoŵerengeka, ndipo mafuta a m'mafupa a munthu wamkulu amapanga maselo otero pafupifupi 100,000,000,000 tsiku lililonse.

Pamene Uthenga Usokonezeka

Kufunika kwa amithenga ameneŵa kumaonekera bwino pamene mmodzi wa iwo asoŵa. Mu 1937, dokotala wa ana wa ku Munich, Alfred Wiskott, anafotokoza za anyamata atatu apachibale amene anali kukha mwazi mosavuta, kutuluka zidzolo, ndi kudwaladwala kufikira anamwalira akali makanda, pamene alongo awo anali bwinobwino. Robert Aldrich anafotokoza nthenda imodzimodziyo m'banja lina ku America mu 1954. Mu 1994 chochititsa chake chinapezeka. Ana otero amabadwa opanda WASP yogwira ntchito bwino, ndipo puloteniyo inatchedwa ndi maina a madokotala aŵiriwo. Maselo awo oyera alipo, ndipo chizindikiro chimafika pachipata, koma uthengawo sumafika bwino kwa amisiri omanga chimango.

Adani aŵiri amene Wright analimbana nawo amadziŵanso kusokoneza dongosolo limeneli. Chikuto choterera cha kachilombo ka chibayo chimalepheretsa opsonin kumamatira kapena kuonekera kwa alonda a pachipata, kotero kuti masiwichiwo samayatsidwa. Kokha pamene thupi lapanga maantibodi oyenerana ndi mtundu weniweniwo wa chikuto mpamene selo limalandira uthenga. Tizilombo ta banja la Salmonella, mmene muli ka tayifodi, timachita zoposa pamenepo. Timalasira m'maselo a m'matumbo puloteni yawoyawo imene imayatsa Cdc42 ndi Rac, kotero kuti selo limene silidya tizilombo mwachibadwa limatambasula khungu lake ndi kuloŵetsa mdaniyo. Kali mkati, kachilomboko kamatulutsa puloteni ina yozimitsa masiwichiwo, ndipo selolo limabwerera mwakale monga ngati palibe chimene chachitika. Kachilombo ka tayifodi kalinso ndi chikuto chakechake, chotchedwa Vi, chimene chimakabisa kwa complement.

Choloŵa Chake

Ntchito imene Wright anaisiya yosamalizidwa ku Johannesburg inamalizidwira kumigodi komweko. M'ma 1970, Robert Austrian wa ku America ndi madokotala a ku South Africa anayesa katemera wopangidwa ndi zikuto za mitundu yambiri pa amuna ongoyamba kumene ntchito ya mumgodi. Panthaŵi ino kuyesako kunalinganizidwa mwa njira imene Pearson anafuna ndi imene Wright ananyoza, ndipo kunasonyeza chitetezo chosakayikitsa. Katemera wa mitundu 14 anavomerezedwa mu 1977, ndipo wa mitundu 23 mu 1983. Pambuyo pake kunapangidwa katemera woyenerera makanda. South Africa inayamba kumpereka kwa ana mu 2009, ndipo Malaŵi mu November 2011, zaka 100 kuchokera pamene Wright anafika kumigodi. Ponena za tayifodi, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mu Blantyre anatengamo mbali m'kuyesa katemera watsopano wolimbana ndi chikuto cha Vi kuyambira mu 2018, ndipo Malaŵi anayamba kumpereka m'dziko lonse mu May 2023.

Nkosangalatsa kudziŵa kuti pofuna kuona ngati katemera watsopano wa chibayo akugwira ntchito, asayansi amasakanizabe maselo oyera, tizilombo, ndi madzi a m'mwazi wa munthu wolandira katemerayo, ndi kuŵerenga tizilombo timene taphedwa. Kumeneku ndi kuyesa kwa Wright ndi Douglas, kowongoleredwa ndi kochitidwa mosamala kwambiri.

Kodi tinganenenji ponena za Almroth Wright? Iye anaona choonadi chimene ena sanachione, ndipo anachimenyera nkhondo molimba mtima pamene akuluakulu anamtsutsa. Koma pamene anakana kulola ena kupenda ntchito yake, anataya zaka zambiri pa njira zochiritsira zosathandiza, ndipo anapereka chiyembekezo chimene sichinakwaniritsidwe kwa amuna amene anali kufa kutali ndi kwawo. Zimene anapeza zinakhala zaphindu lokhalitsa kokha pamene anthu ena oleza mtima anaziyesa, kuziwongolera, ndi kuzifufuza mpaka mkati mwa selo. Khanda limene likulandira katemera wa chibayo pa kiliniki ya ku Amanzimtoti, ku Chipata, kapena ku Ndirande lerolino lili ndi mangaŵa kwa iwo onse, ndiponso kwa amuna zikwi makumi ambiri a m'makomboni amene anapereka mikono yawo ku jekeseni, amene maina awo sanalembedwe m'mabuku a mbiri.